Za mfuti wafunsazi, msuweni

Eee, msuweni, wadzuka bwanji? Aa, iyayi, kwanuko dzuwa lapendeka kale eti, waswera bwanji. Ine ndangoweruka kumene, ndili m'galimoto pano. Ndaliona funso lako m'gulumu. Akuti, "Kodi n'zoona kuti azimayi a ku America akuyenda ndi mfuti m'zikwama? Nawenso uli nayo?" Mwamuna wanga iwe! Zaka zonsezi sunandifunsepo n'komwe ngati ndadya, lero ukufuna kudziwa za m'chikwama mwanga? Kapena ukuopa kuti ndikabwera pa Disembala ndidzakulonjera nayo chifukwa cha malata aja? [kuseka]

Chabwino. N'zoona. Osati aliyense ayi, koma n'zoona. Zinakula mu 2020, nthawi ya Covid ija, kenako George Floyd ataphedwa ku Minneapolis, m'misewu muli chipwirikiti, anthu anakhamukira kogula mfuti ngati mmene timachitira shuga akasowa. Ofufuza anapeza kuti kuyambira Januwale 2019 mpaka Epulo 2021, anthu ngati 7.5 miliyoni anakhala ndi mfuti koyamba, ndipo pafupifupi theka anali azimayi. Theka, msuweni! Mmodzi mwa asanu alionse, wakuda ngati ife. Kuli mpaka bungwe la anthu akuda okhala ndi mfuti, National African American Gun Association, linayamba 2015 cha ku Atlanta uko. Ndiye kuno ku Indiana, kuyambira Julaye 2022 safunanso chiphaso choyendera nayo. Ngati lamulo silikukuletsa kukhala nayo, waibisa m'malaya, ulendo wa kumsika.

Mnzanga amene timachezera limodzi usiku kusamalira okalamba, mayi wa ana awiri, wobadwira konkuno, chikwama chake chili ndi kathumba kam'mbali, ka zipi yakeyake, dzanja limangolowa osatsegula chikwama chonse. Amachitsekera m'galimoto, pantchito salola. Mwamuna amene anasiyana naye ankamudikirira poimika magalimoto pomwepo, mumdima. Ndiye ine kumuweruza, ayi, sindingathe. Anandinyengerera tsiku lina, tinapita kophunzirira kuwombera. Ndinawomba katatu... bodza, kawiri. Kachitatu ndinangoiika pansi. M'makutu atakutseka, koma kugundako umakumvera m'chifuwa, ndiye kafungo ka wonga kaja katangondifika m'mphuno, basi, amalume aang'ono ndi awa m'maso mwangamu.

Ukuikumbuka gogodela ija? Iwe unali ukadali wamamina, koma uyenera kuikumbuka. Inkapachikidwa pamwamba pa chitseko, atayikulunga m'chiguduli, ndipo madzulo alionse ankaipukuta ndi mafuta a nsatsi ngati mwana wakhanda. Akazi awo sanapakidwepo mafuta choncho. Zipolopolo zake misomali yoduladula ndi timipira ta njinga ya abambo ako, n'chifukwa chake njinga ija inkalira ngati nkhanga, lero ndaulula. Chaka chimenecho nguluwe zinatha chinangwa kudimba. Amalume ati, ndikazionetsa ine. Anagona m'chilindo masiku atatu, osaona kanthu, udzudzu wokhawokha. Tsiku lachinayi anadzera kaye kuseri kwa tchalitchi kuja, ukudziwako, kukatenthetsa m'mimba. Pakati pa usiku amva tswa, tswa, m'mapesi. Phuu! Mudzi wonse dzambatu. Akubwera akukuwa, "Tengani mipeni! Tengani malichero! Mchere musaiwale!" Ife ana kuthamanga ndi miyuni, malovu ali chuchuchu.

Kufika, mbuzi ya agogo. Yabere. Yomwe ija ankaisungira chiliza.

Ndipo mfutiyo inaphulikira kumbuyo, nsidze zonse psiti, nkhope ngati ya Gule. Koma kuvomera? Amalume? Mpaka tsiku limene tinawaika, ankalumbira kuti anawombera nguluwe yeniyeni, koma bambo a kutsidya aja anaisandutsa mbuzi chifukwa cha mlandu wa malire. Agogo sanayankhule zambiri. Anangoitenga gogodela ija, mtengo wake n'kusonkhezera moto, mpope wake n'kupatsa azakhali. Azakhali anatchezera kachasu zaka zingati ndi mpope umenewo? Ankati mfuti yapeza ntchito yake tsopano. Ndipo kasitomala wamkulu anali mwini wake yemwe! [kuseka] Aa, Mulungu awasunge.

Ndimati chiyani paja... Eya. Msuweni, tisanamizane. Iwe za chikwama changa ulibe nazo ntchito. Kalata ya sukulu ya mwana wathu yafika, amake atumiziridwa mavidiyo pa WhatsApp, ndiye m'nyumbamo simukugona. Ndanama?

Tamvera. Mwana wobwera pa viza ya sukulu lamulo la dziko lino silimulola kukhala ndi mfuti, kupatula zina ngati akhale ndi chiphaso chosakira nyama, ndipo iye uja nkhuku yomwe sangaiphe. Akamupeza nayo ndi mlandu waukulu, sukulu yathera pomwepo. Ndiye mumuuze, kaya ndi chibwenzi kaya ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi akati ndisungireko, akane. Komanso kwa ife akhungu ili, pepala silitchinga chipolopolo. Philando Castile, ku Minnesota mu 2016, chiphaso anali nacho, anamuuza yekha wapolisi mwaulemu kuti ndili ndi mfuti, anafera pampando wa galimoto, kamwana kali kumbuyo. Ine nkhani imeneyo sinandichoke.

Ndipo chimene mavidiyowo sakuonetsani ndi ichi. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti kuno, koma oposa theka anadziwombera okha. M'nyumba zawo, chitseko chotseka. Ine chimene ndimaopera ana athu si wachifwamba ayi, ndi Januwale. Kumada msangamsanga, chipale chili mbuu, mwana ali yekha m'chipinda, wosowa womufunsa kuti wadya. Chaka changa choyamba ndinkalira m'bafa, iwe sunadziwe, unkangoona zithunzi.

Ndiye mulekeni mwana abwere. Mfuti saifuna, ine ndakhala zaka zonsezi ndilibe, m'chikwama mwangamu muli Panado ndi malisiti basi. Ndakuyankhatu pamenepo. Abwere, Loweruka lililonse ndizikamutenga, adzadye nsima kwanga, jekete ndamusungira kale, ija inandichepera... usaseke iwe, inachita kufota pochapa.

Uwauze amake mawu omwewa, kapena ingowapatsa foni amve okha: mwana abwere, ali m'manja mwanga. Koma pa timipira ta njinga paja udumphitse, abambo ako asamve. Ndipo za malata sindinaiwale. Ndapita, wina akufuna malo ndaimawa.