Funsani Akochi: Kodi mafizo a pagulu ndi a aliyense?

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za kupanga mafizo pagulu, nde ndasankhapo anayi.

FUNSO: Akochi, ine ndi mayi wa zaka 38 ndipo thupi langa lakula ndithu chiberekereni mwana wachiwiri. Chaka chilichonse ndimayamba kujoga ndekha mmawa, masabata awiri atatu kenako basi ulesi, kaya kwagwa mvula kaya ndagona mochedwa ndiye kusiya kwake nkomweko. Mnzanga akundikakamiza kuti ndilowe gulu lawo la ma aerobics koma ndikuopa kuti ndizikakhala womalizira pa chilichonse anthu nkumandiyang'ana. Gulu lingandithandizedi kapena ineyo ndi amene ndilibe khama? Mayi wa ana awiri.

YANKHO: Amayi, munthu wopanda khama sayambiranso chaka ndi chaka ngati mmene mukuchitiramu, nde maganizo amenewo achotseni kaye. Vuto lopanga wekha ndi loti ukajomba palibe amadziwa, alamu ikalira mmawa wokambirana naye ndi iwe mwini ndipo iwe mwini suchedwa kudzikhululukira. Pagulu pali munthu amene akudikira pageti, pali wina amene masana atumiza meseji pa WhatsApp kuti lero sitinakuoneni bwanji, ndipo kameseji kameneko kamadzutsa anthu ambiri kuposa malangizo onse a za umoyo omwe ife timalemba muno.

Izi si zongoganiza ayi. Kale mu 1898 Norman Triplett wa ku America anaona kuti opalasa njinga amathamanga kwambiri akakhala ndi anzawo kusiyana ndi akakhala okha. Koma chomwe chikukhudza inuyo ndi cha Otto Köhler wa ku Germany, yemwe m'zaka za m'ma 1920 ankayesa amuna a kalabu yopalasa bwato ku Berlin powanyamulitsa zitsulo, wina payekha kenako awiriawiri, nkupeza kuti wofooka uja akaphatikizidwa ndi wamphamvu amapirira nthawi yaitali kuposa mmene amachitira ali yekha. Mwaonatu, amene amapindula kwambiri ndi gulu ndi wakumbuyo yemweyo amene inu mukuopa kukhala. Chofunika nchoti kusiyana kwanu ndi anzanuwo kusakhale kwakukulu kwambiri, chifukwa akakusiya patali zedi mtima umangogwa, nde mufunse mnzanuyo ngati ali ndi kalasi ya oyamba kumene, ndipo ngati alibe muuzeni kochi tsiku loyamba lomwelo kuti ndine watsopano. Kochi wodziwa ntchito amaonetsa njira yopepuka ya sitepe iliyonse, wina akudumpha inu mukungoponda, wina ma push-up pansi inu kukhoma. Akakunyozani kapena kukuchititsani manyazi pamaso pa anthu tulukanimo mukapeze gulu lina, amenewo si mafizo.

Za kukhala womalizirazo, ine ndimakonda kwambiri zomwe amachita a parkrun, omwe anayamba mu 2004 ku Bushy Park ku London ndi anthu 13 okha ndipo pano ali m'maiko ambiri, anthu amathamanga kapena kuyenda limodzi makilomita 5 Loweruka lililonse mmawa kwaulere. Iwo amaika munthu wodzipereka woti aziyenda kumbuyo kwa aliyense, cholinga choti pasapezeke wobwera kudzathamanga amene wamaliza yekha kumapeto. Gulu lililonse likhoza kutengera zimenezi, sizifuna ndalama.

Chinanso, masabata awiri atatu omwe mumasiyirawo ndi ochepa kuti thupi lizolowere. Kafukufuku wa ku University College London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga pafupifupi masiku 66 kuti chikhazikike, ena mochepera ena mopitirira kwambiri, komanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuononga zonse. Nde dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu musanaweruze, ndipo mukajomba Lachiwiri pitani Lachinayi ngati palibe chachitika.

FUNSO: Ndili ndi zaka 54, ndimamwa mankhwala a BP. Ndinalowa gulu la kuntchito lomwe ambiri ndi anyamata, sabata yatha titamaliza kuthamanga ndinangoima nkumva chizungulire mpaka kukhala pansi. Ndisiye? Bambo wodandaula.

YANKHO: Bambo, musasiye mafizo, BP imatsika ndi mafizo, koma musabwerere kuguluko musanaonane ndi adokotala anu ndipo mukawafotokozere chimodzimodzi mmene mwandilemberamu. Ndikunena izi motsindika chifukwa mphamvu yomwe ndayamikira pamwambapa ili ndi mbali yake yoopsa, gulu limakukoka kuti udzuke koma limakukokanso kuti upitirire muyezo wako, makamaka ife azibambo sitifuna kuoneka kuti tatopa pamaso pa ana.

Chizungulire chobwera ukangoima nthawi zambiri chimachitika chonchi, pothamanga minofu ya m'miyendo imathandiza kukankhira magazi kubwerera kumtima, nde ukaima mwadzidzidzi magazi amatsalira kumiyendo misempha ikadali yotseguka, BP nkugwa, ndipo mankhwala ena a BP amaonjezera zimenezi. Nchifukwa chake pomaliza muziyenda pang'onopang'ono mphindi 5 mpaka 10, chimodzimodzinso poyamba. Koma ine sindingakupimeni kudzera m'magazini, zoti mtima uli bwanji anene ndi adokotala.

Akakulolani kubwerera, muyezo wosavuta ndi wa pakamwa. Ngati mukutha kuyankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba, muli pa liwiro lapakatikati ndipo mpamene pakuyenerani inu. Ngati mawu akutuluka awiri atatu nkubanika ndiye kuti mwakwera kwambiri. Ena adzakuuzani zochotsera zaka zanu pa 220 kuti mudziwe malire a kugunda kwa mtima, kwa inu zikanakhala 166, koma imeneyi ndi nambala yongoyerekeza ndipo ngati mumamwa mankhwala a mtundu wa atenolol omwe amachepetsa kugunda kwa mtima ndiye siigwira ntchito nkomwe. Ponyamula zitsulo osagwira mpweya, tulutsani mpweya pamene mukukankha. Ndipo mukamva kuwawa kapena kuthina pachifuwa, ululu wopita kumkono kapena kunsagwada, kubanika kosayenderana ndi zomwe mukuchita, kapena kufuna kukomoka, imani pompo nkupita kuchipatala, osati mawa. Muuzeninso kochi ndi mnzanu mmodzi pagulupo za matenda anuwa, ubwino wina wa gulu ndi womwewu woti chikachitika pali anthu pafupi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azipanga mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za mafizo apakatikati, kapena 75 mpaka 150 za amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 masiku asanu mwakwanitsa kale, popanda kupikisana ndi mnyamata aliyense.

FUNSO: Ndinapita kukalasi koyamba Lolemba, tsikulo ndinali bwinobwino koma Lachitatu ndimalephera ndi kutsika masitepe komwe. Ndavulala? Mtsikana wa ku koleji.

YANKHO: Achemwali, mwina ayi. Kuphwanya thupi kotereku kumayamba pakadutsa maola 12 mpaka 24, nkufika pachimake pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu, kenako kumatha kokha sabata isanathe, ndipo kumabwera chifukwa minofu yagwira ntchito yomwe sinaizolowere, makamaka ma squat, kunyonyomala nkudzuka kuja. Muziyendako pang'ono, mugone mokwanira, mubwerere kukalasi koma mopepuka, ulendo wachiwiri sizidzawawa chonchi. Chosiyana ndi ululu wobaya pabondo kapena pamfundo ina, kutupa, kapena mkodzo wakuda kwambiri pamodzi ndi minofu yowawa koopsa, chomalizachi ndi chizindikiro choti minofu yaonongeka kwambiri mpaka kuika impso pachiswe, ndipo chimafuna chipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Akochi, miyezi iwiri tsopano sindijomba ku jimu, ma sit-up ndimapanga ochuluka kuposa aliyense mukalasi mwathu koma mimba ili pompo ndipo sikelo sikusuntha. Anzanga ena akuonda ine ayi, ndayamba kugwa ulesi. Mnyamata wokhumudwa.

YANKHO: Achimwene, ma sit-up amalimbitsa minofu ya pamimba koma sachotsa mafuta a pamimba, thupi limachotsa mafuta paliponse mwa dongosolo lake ndipo kwa amuna ambiri pamimba mpamene pamachedwa. Komanso kunena zoona mafizo okha saondetsa kwambiri ngati kadyedwe sikanasinthe, ambiri akayamba jimu njala imakula nkumadya zochuluka osazindikira, nde yang'anani mbale yanu, zakumwa zotsekemera ndi mowa ngati mumamwa, ndi maola omwe mukugona.

Koma chomwe chandikhudza m'kalata yanu ndi choti mukudziyeza ndi matupi a anzanu, pomwe simukudziwa chomwe iwo akudya kwawo kapena pomwe anayambira. Tengani tepi muyeze mchiuno pa mchombo kamodzi pa mwezi, cholinga chabwino nchoti muyezowo ukhale wosafika theka la kutalika kwanu. Muzilembanso mu foni ma push-up angati mukukwanitsa, chitsulo cholemera bwanji, kugunda kwa mtima mukangodzuka, ndikukhulupirira mupeza kuti zina mwa izi zasintha kale pa miyezi iwiriyi ngakhale sikelo ili chete. Nthawi yomwe mumathera pa ma sit-up ija igaweni, ina ipite ku ma squat ndi zokoka zomwe zimagwiritsa ntchito minofu ikuluikulu, nkusiya tsiku limodzi kapena awiri pakati kuti minofuyo ipume. Ndipo pezani mmodzi mukalasimo amene ali ndi cholinga ngati chanu muzifunsana za kadyedwe kumapeto kwa sabata, mudzandilemberenso pakatha miyezi ina iwiri mundiuze zomwe tepi ikunena.