Chifukwa chake Ark Royal inamira mu 1941 koma n'kudzapumanso ntchito mu 2011

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti buku lina likuti sitima yankhondo ya ku Britain, HMS Ark Royal, inamira pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, pomwe nkhani ina ikuti sitimayo inapuma ntchito mu 2011. Olemba onsewo sananame. Asilikali apamadzi a ku Britain, monganso a mayiko ena, amapereka dzina la sitima yomwe yamira kapena yatha ntchito kwa sitima yatsopano, ngati momwe ife timatchulira mwana dzina la agogo ake amene anatisiya. Sitima zotchedwa Ark Royal zakhalapo zisanu.

Yoyamba inali yamatabwa ndi matanga, ndipo inapangidwa mu 1587 pa oda ya Walter Raleigh, amene anaitcha Ark Raleigh. Mfumukazi Elizabeth I ataigula, dzina linasintha kukhala Ark Royal, ndipo chaka chotsatira inatsogolera zombo za Angelezi polimbana ndi gulu lalikulu la zombo za ku Spain lotchedwa Armada. Dzinali linagona zaka zoposa 300 lisanabwererenso mu 1914 pa sitima yonyamula ndege zotera pamadzi. Sitima imeneyo inalandidwa dzina mu 1934 n'kutchedwa Pegasus, kuti dzinalo lipite kwa sitima yatsopano yonyamula ndege. Apa mukuona lamulo limene limasungidwa bwino: m'gulu limodzi lankhondo, sitima ziwiri sizikhala ndi dzina limodzi panthawi imodzi.

Yachitatuyi ndi imene mwawerenga m'buku lanu. Mu Meyi 1941 ndege zake za mtundu wa Swordfish zinawononga chiwongolero cha sitima yaikulu ya Germany, Bismarck, moti inalephera kuthawa. Mu Novembala chaka chomwecho, sitima yoyenda pansi pa madzi ya Germany, U-81, inaiphulitsa kufupi ndi Gibraltar, ndipo inamira tsiku lotsatira, munthu mmodzi yekha ndiye anamwalira. Yachinayi inayamba ntchito mu 1955, ndipo yachisanu inayamba mu 1985 n'kupuma mu 2011.

Mwambowu uli ndi phindu lake. Ku Britain, ulemu wa nkhondo zimene sitima inamenya umatsata dzina, choncho sitima yatsopano imapachika bolodi lolembedwa nkhondo za makolo ake ngakhale iyoyo isanawombeko ndi kamodzi komwe.

Kwa ine, nkhani yogwira mtima kwambiri ndi ya America mu 1942, chaka chimene inataya sitima zikuluzikulu zinayi zonyamula ndege m'nyanja ya Pacific. Lexington inamira mu Meyi pa nkhondo ya ku Coral Sea, ndipo ogwira ntchito pamalo opangira sitima ku Quincy, m'chigawo cha Massachusetts, kumene Lexington yomwe inamirayo inapangidwa, anapempha boma kuti sitima imene anali kupanga panthawiyo, yomwe ikanatchedwa Cabot, itenge dzinalo. Boma linavomera. Yorktown itamira ku Midway mu Juni, sitima imene ikanatchedwa Bon Homme Richard inasanduka Yorktown. Chimodzimodzinso Wasp ndi Hornet, zomwe zinamira mu Seputembala ndi Okutobala, mayina awo anabwerera panyanja nkhondo isanathe. Hornet yatsopanoyo ndi imene inakatola oyenda m'mlengalenga a Apollo 11 atatera m'nyanja pochokera kumwezi mu 1969, pomwe Hornet yakale ndi imene inanyamula ndege zotsogoleredwa ndi msilikali wa ku America, James Doolittle, zokaphulitsa Tokyo mu Epulo 1942. Anthu ambiri amaziphatikiza ziwirizi, ndipo sindiwaimba mlandu.

Lamulo loletsa mayina ofanana lija limathera m'malire a dziko limodzi. Pa nkhondo ya ku Trafalgar mu 1805 panali Neptune ya Britain, Neptune ya France ndi Neptuno ya Spain, zonse m'madzi amodzi tsiku limodzi. Panalinso Swiftsure mbali zonse ziwiri, chifukwa Afalansa analanda Swiftsure ya Britain mu 1801 n'kusunga dzina lake, ndipo Angelezi anapanga ina n'kuipatsa dzina lomwelo. Angelezi nawonso ankachita zomwezo, popeza dzina la Temeraire, sitima yawo imene inatchuka pa nkhondoyi, linachokera ku sitima ya France yomwe anailanda mu 1759.

Mukamawerenga, yang'anani chaka kapena nambala imene imalembedwa pafupi ndi dzina. Aamerika amagwiritsa ntchito nambala za pathupi la sitima: Enterprise imene inamenya ku Midway ndi CV-6, Enterprise ina yomwe inali yoyamba kunyamula ndege poyendera mphamvu ya nyukiliya kuyambira mu 1961 ndi CVN-65, ndipo imene anayamba kuipanga ku Newport News ndi CVN-80. Ark Royal yanu yomira ija imalembedwa ndi nambala 91, pomwe yopuma mu 2011 ndi R07.