Zoti Irfan Habib ndi wachikale, anakuuzani ndani?

Achemwali ena andilembera imelo sabata yatha. Akuyamba digiri yachiwiri ya mbiri yakale ndipo akufuna kulemba za ufumu wa Mughal ku India, koma mnzawo wawauza kuti asataye nthawi ndi Irfan Habib, katswiri wa mbiri wa ku India komweko, ati ndi wachikale komanso ndi wa Marx, kutanthauza wotsatira maganizo a Karl Marx oona mbiri ngati kulimbana kwa olemera ndi osauka. Ndiye akufunsa: amuwerenge kapena amusiye?

Achemwali, mwandigunda pachilonda. Mawu omwewo anandiuzapo ine ndili chaka chachitatu ku koleji. Ndinapeza buku la Habib, The Agrarian System of Mughal India, mulaibulale, chikuto chake chomata ndi selotepi, masamba atafiira ngati fodya wa bale. Ndalama ya minibasi ndinaithera pa fotokope ya mitu iwiri, n'kubwerera kunyumba wapansi. Mawa lake mphunzitsi wina anaona mapepalawo patebulo langa, anawanyamula ndi zala ziwiri, nati, "Iwe, izi ndi za nthawi ya agogo ako." Kalasi yonse kuseka. Ndinachita manyazi, ndinawaponya m'katoni, ndipo anakhala momwemo zaka ziwiri. Mpaka lero ndimadziipidwa nazo.

Nditawatulutsa ndinawerenga usiku wonse. Habib amafotokoza kuti mafumu a Mughal sankalipira nduna zawo zambiri ndi ndalama za m'thumba la boma. Ankazipatsa dera loti zizitolerako msonkho wa zokolola, lotchedwa jagir. Koma poopa kuti nduna ingazike mizu n'kuukira, ankaisamutsa pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Ndiye munthu wodziwa kuti posachedwa achoka, angasamale bwanji za mlimi? Amakama ng'ombe mpaka kutuluka magazi. Msonkho unkatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola, kwina mpaka theka. Alimi anayamba kuthawa minda, ena n'kugwirizana ndi eni malo otchedwa zamindar poukira boma, monga anachitira alimi a mtundu wa Jat m'nthawi ya mfumu Aurangzeb. Kwa Habib, ufumu waukulu uja unadzidya wokha kuyambira kumunda.

Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya. Mamanijala ankasinthasintha, ndipo aliyense watsopano ankafika ndi njala yakeyake: ngongole ya chimanga, ya feteleza, ya makasu, mpaka pogulitsa fodya bambo ankabwera ndi kapepala m'malo mwa ndalama. Sindikunena kuti esiteti ndi jagir, ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Koma bukulo linandionetsa kuti wolemba mbiri angathe kusiya nyumba zachifumu n'kufunsa kuti munkhokwe ya mlimi munkatsala chiyani wamsonkho akachoka.

Ndipo safunsa mwamphekesera. Anakumba zolemba za Chiperisiya, makamaka Ain-i-Akbari ya Abul Fazl, momwe muli mitengo ya zinthu, miyezo ya minda ndi msonkho wa chigawo chilichonse mu ulamuliro wa mfumu Akbar. Buku la Habib lija linachokera ku kafukufuku wake wa udokotala ku Oxford, linatuluka mu 1963, ndipo limayambira 1556 kukafika 1707. Munthuyu anabadwa mu 1931. Bambo ake, Mohammad Habib, analinso katswiri wa mbiri ku Aligarh Muslim University, komwe mwanayu anaphunzira n'kudzaphunzitsanso moyo wake wonse, mpaka kukhala pulofesa mu 1969. Zimenezi zimandigometsa. Anzathu ambiri akangonunkhiza Oxford sabwereranso.

Za Marx zija, inde ndi zoona, ndipo mwiniwake sabisa: buku lake la 1995 limatchedwa Essays in Indian History: Towards a Marxist Perception. Nanga vuto lili pati? Ndatopa nawo anthu amene amamata dzina pa wolemba kuti apeze chifukwa chosamuwerengera. Ndi ulesi basi, wovala jekete. Mnzanuyo mumufunse kuti wawerenga mutu uti. Mudzaona akuyang'ana kudenga.

Omutsutsa alipo

Alipo ndithu, ndipo ena ali ndi mfundo. Muzaffar Alam, m'buku lake la 1986 lonena za zigawo za Awadh ndi Punjab, anasonyeza kuti madera ena ankalemera pomwe likulu linkafooka, kotero si konse kumene mlimi wosauka ndiye anagwetsa ufumu. Satish Chandra anaika vuto pa dongosolo la jagir lenilenilo ndi mikangano ya nduna. Ineyo ndimaona kuti Habib amalipatsa boma la Mughal mphamvu zochuluka kuposa zimene linali nazo m'midzi yakutali. Koma onsewa amakangana pabwalo limene iye anasesa nawo.

Ndikanaiwala atlasi ya Habib, An Atlas of the Mughal Empire, ya 1982. Mapu ake amaonetsa malire a zigawo, kenako mbewu, migodi ndi misewu ya malonda. Ndinaiona kamodzi kokha, yaikulu moti sinkakwana pashelefu, ndipo woyang'anira laibulale anandiima kumbuyo mpaka nditaitseka.

Tsono yankho lanu, achemwali: muwerengeni. Pezani kope lokonzedwanso la 1999, yambani ndi mutu womaliza wonena za mavuto a ulimi, kenako Alam. Ndipo ngati mwatsimikizadi za Mughal, yambani kuphunzira zilembo za Chiperisiya chaka chino chomwe.