Kodi chimbale cha Queen chimenechi n'chenicheni?

Funso: Akulu, ndinagula CD ya Queen yolembedwa Flash Gordon kwa mnyamata wogulitsa m'mbali mwa msewu. Nditaiika m'wailesi ndangomva anthu akulankhula Chingelezi, mfuti zikulira, kuimba kochepa chabe. Kodi anandidyera ndalama? Wowerenga, Zomba

Yankho: Ayi achimwene, mnyamatayo musamuimbe mlandu. Chimbalecho chinatuluka choncho mu December 1980. A Queen, gulu loimba la ku Britain, anachipangira filimu ya Flash Gordon, yonena za munthu wa ku America amene anapita kudziko lina lam'mlengalenga, lotchedwa Mongo, kukalimbana ndi mfumu yankhanza, Ming. Mawu mukumvawo ndi a osewera mufilimuyo, anawaikamo dala.

Nyimbo zimene akuimba mawu mokwanira zilimo ziwiri basi: yoyamba, "Flash's Theme", ndi yomaliza, "The Hero". Zonse analemba ndi Brian May, woimba gitala wa gululi. Tcherani khutu pa yoyambayo, mumva kugunda kumodzimodzi kukubwerezabwereza ngati mtima wa munthu wothamanga, kenaka mawu n'kuphulika onse pamodzi. Pamenepo ine tsitsi limandinyerenyetsabe mpaka lero.

Chondiseketsa n'chakuti anyamatawa ankanyadira pa zimbale zawo za m'ma 1970 kuti sagwiritsa ntchito synthesizer (choimbira chamagetsi chotulutsa mawu osiyanasiyana), koma umu aidzaza mpaka pakamwa.

Kunena chilungamo, pakati pake chimatopetsa ngati filimuyo simunaionere. Isakeni kaye, muione Loweruka madzulo, kenaka muike CD yanuyo mokweza.