Chifukwa chake "She go to school" ndi cholakwika

Mwafunsa chifukwa chimene aphunzitsi anakuchotserani malikisi pa "She go to school every day." Vuto lili pa mneni. Mu simple present, mukamanena za he, she kapena it, mneni amalandira s kumapeto: she walks. Akathera ndi o, ch, sh, ss kapena x, ikani es: goes, teaches, washes. Study amasanduka studies, koma play amakhala plays chifukwa y watsatana ndi lembo la liwu.

Tensi imeneyi imagwira ntchito ngati -ma- wathu uja, wa zochitika kawirikawiri: amapita, amaphika.

Samalani kwambiri pokana ndi pofunsa, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa. S ija imasamukira kwa does, mneni n'kutsala wopanda kanthu: "She doesn't go", "Does she go?", osati "doesn't goes".