Ntchito yabwino ndi iti? Yankho kwa mayi a ku Dwangwa

Sabata yatha mayi ena a ku Dwangwa anandilembera imelo. Mnyamata wawo wakhoza MSCE ndi mapointi 17, ndiye akufuna ndiwasanjire ntchito kuyambira yapamwamba mpaka yotsikitsitsa, potengera malipiro ndi ulemu, kuti adziwe komulozera.

Mayi, ndiyankha monga ndikuonera kuno ku Nkhotakota.

Pamwamba palibe mkangano: udokotala, uloya, uinjiniya ndi zowerengera ndalama. Madokotala amaphunzira ku KUHeS, yomwe tinkaidziwa kuti College of Medicine isanaime payokha mu 2021. Maloya ku UNIMA ku Zomba. Mainjiniya ku MUBAS kapena ku MUST ku Thyolo. Vuto ndi khomo lolowera. Malo a udokotala amalimbirana ana a mapointi ochepetsetsa, 17 musaidalire kwambiri. Zowerengera ndalama ndiye zili ndi chifundo, chifukwa munthu atha kuyambira ku Malawi College of Accountancy n'kumalemba mayeso pang'onopang'ono ali pantchito. Onani pa Illovo pomwepo: wa mu ofesi ya ndalama amalandira chaka chonse, wodula nzimbe amalembedwa nyengo yodula yokha.

Za m'mabungwe anthu amasirira galimoto yoyera ndi maalawansi. Ine sindiziika pamwamba. Polojekiti ikatha, ntchito yatha. Tinaona mu 2025 dziko la America litaimitsa thandizo la USAID, anthu omwe tinkawatcha mabwana anabwerera kumudzi.

Pakati pali za boma: uphunzitsi, unamwino, upolisi ndi usilikali (asilikali amaphunzirira ku koleji yawo ya MAFCO ku Salima). Ndalama yake sikwana mwezi, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Komabe imabwera ndithu, pali penshoni, ndipo banki imakukhulupirira pa ngongole. Chowawa ndi kudikira. Aphunzitsi ndi anamwino ambiri amamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo zaka, akuyembekeza kuti boma liwalembe.

Tsopano ndifike pomwe ndikufuna mumvetsetse. Ntchito zamanja timazinyoza, mwina chifukwa cha ovololo yamafuta, koma kuno kunyanja ndi zomwe sizisowa kasitomala. Wowotcherera zitsulo, wamagetsi, woika masola, wokonza mafiriji, makaniko wa mainjini a maboti. Injini ya boti ikafa nthawi ya usipa, mwini chilimira sanenerera mtengo, amangoti bola ilire lero. Firiji yanga itawonongeka chaka chatha ndinadikira masiku anayi kuti mmisiri apeze mpata, ndipo zomwe anandilipiritsa pa ola limodzi ndinachita kukhala pansi. Mmisiri ameneyu sanapiteko ku yunivesite, koma wamanga nyumba yamalata, ana ake ali pasukulu yolipira. Salima Technical College ili pafupi, ndipo TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, imatenga ophunzira chaka ndi chaka. Ndisakunamizeni, zaka zoyamba zimawawa: zipangizo ndi zodula, penshoni palibe pokhapokha udzisungire wekha, ndipo ukadwala shopu yatsekedwa. Komabe ndikayerekeza ndi wa digiri amene wakhala zaka zitatu akuyenda ndi envelopu, mmisiri waluso ndimamuika pamwamba pa ntchito zambiri za mu ofesi.

Pansi penipeni pali kabaza, ntchito za m'nyumba, alovi (asodzi olembedwa ntchito pa maboti a ena) ndi alonda. Mlovi amalandira potengera zomwe zakodwa, ndipo mwera ukakunta mu June ndi July amagona ndi njala kapena kuika moyo pachiswe. Koma yoipitsitsa kwa ine ndi ulonda. Usiku wonse panja, udzudzu, chibonga m'manja. Mu 2024 boma linaika K90,000 ngati malipiro otsikitsitsa pamwezi, koma alonda ambiri a m'makomo ndi m'mashopu saiona ndalama imeneyo. Katundu akasowa, woyamba kumangidwa ndi iyeyo.

Pa mnyamata wanuyo, alembere ndithu ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, koma fomu ya TEVETA atengenso. Mundilemberenso mundiuze magiredi ake a masamu ndi fizikisi, komanso ngati ali mwana woti wailesi ikafa pakhomo amathamangira kuitsegula.