Chikopa changa chauma gwa ngati malata, ndalakwitsa pati?

Funso: Akulu, pa Eid yapitayi ndinatola zikopa ziwiri za mbuzi, ndimafuna chimodzi choyala pansi, china ndichivale pa chosema cha mbuzi ngati zija amaika mmaloji a ku Cape Maclear. Ndinaziyanika pathandala la usipa masiku atatu, pano zauma gwa ndiye ubweya ukungothothoka. Wowerenga wanu wa ku Namiasi, Mangochi.

Yankho: Achimwene, chikopa si usipa ayi. Dzuwa la Mangochi lija limawotcha mafuta otsalira pachikopa kunja nkuuma mkati mukadali chinyezi, ndiye tizilombo timayamba kudya mizu ya ubweya, kuthothoka kuja ndi kuola kumeneko ndipo kukayamba sikubwerera. Ziwirizo ingoiwalani.

Ulendo wina mukangosenda, palani nyama ndi mafuta onse tsiku lomwelo osati mawa, kenako thirani mchere wosalala mbali ya mnofu, osaumira, mpaka mmakutu ndi mmakwinya a miyendo chifukwa mmenemo ndi momwe mumayambira fungo. Chiikeni popendekeka madzi azitsika, pakatha maola 24 kutumulani mchere wonyowawo muthire wina, chiume pamthunzi podutsa mphepo. Koma mchere umangosunga, sufufuta, chikufunikabe kunyikidwa mu alamu (mchere wina wake wofufutira zikopa) kapena mankhwala ena ofufutira kenako kupakidwa mafuta ake.

Za mgolo wofewetsera chikopa tsopano, apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Anzathu a ntchitoyi amaponya chikopa mumgolo wozungulira momwe muli utuchi wouma, utuchiwo umamwa chinyezi ndi mafuta ubweya nkuwala. Inu pezani dilamu ya malita 200, mukhomere timatabwa mkati kuti chikopa chizikwera nkugwa, kugwako ndiye kumafewetsa. Utuchi kapempheni kwa akalipentala koma wa mtengo wolimba, wa paini uli ndi utomoni umamata ubweya. Choyala pansi chilowe chitatsala pang'ono kuumiratu, chija mukachikoka chimayera pokokapo, ndipo chimafuna maola angapo, mkono umadziwa. Chovala pa chosema ndi mphindi 10 kapena 15 basi, ubweya wokha uume, chikopacho chikhale chonyowabe kuti chitambasuke. Ngati dilamu palibe, chikwecheni pamphepete mwa thabwa uku ndi uku mpaka chifewe.

Mbuzi ndi nkhosa zilibe mlandu, koma wina akakubweretserani cha gwape kapena ng'ona akuti chachokera ku Liwonde musachigwire popanda chilolezo cha a zanyama zakuthengo, lamulo analikhwimitsa mu 2017 ndipo pa nyama zina munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30.